Bambo anga ali ndi zipsera m'mapapo, tingawathandize bwanji kuti masiku aziwapepukirako?

Mwana_wa_Mtchona:

Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga zomwe anzathu mumalemba muno koma lero ndati nane ndilankhuleko chifukwa mutu wandiima. Bambo anga ali ndi zaka 68, anapita ku migodi ya golide ku South Africa kudzera ku TEBA, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, mu 1978 ndipo anabwereratu mu 1988 nthawi imene anasiya kutenga anthu a kuno ija. Ntchito yawo inali yoboola miyala pansi, amatiuza kuti akatuluka ngakhale malovu amakhala otuwa ndi fumbi. Anabwera ali bwinobwino, munthu wa dzitho, alima fodya kwathu ku Dowa zaka zambirimbiri, tonse asanu tinaphunzira ndi khasu lomwelo.

Chifuwa chinayamba zaka zinayi zapitazo, chouma chopanda makhololo, kenako phuma akamakwera kamtunda kochokera kudimba. Anamwa mankhwala a TB kawiri, miyezi 6 ulendo woyamba ndi ina 6 ulendo wachiwiri, makhololo sankapezeka ndi kanthu koma adokotala akaona X-ray ankati ndi TB basi. Palibe chinasintha. Chaka chatha tinasonkherana ana n'kuwatengera ku Lilongwe kukajambulitsa CT, ndiye kumeneko n'komwe anatiuza kuti mapapo ali ndi zipsera, dzina lake silicosis, fumbi la mumgodi lija, ndipo zipserazo sizichoka. Dokotala anangoti muziwasamala, asamatope. Zinathera pomwepo.

Ndiye ife tinamva kuti asamatope, tinawalanda chilichonse. Khasu tinabisa, njinga tinapatsa mdzukulu, ku tchalitchi amayi anati azingopemphera pakhomo poti ndi kutali, ku bawo pansi pa mtengo wa mango pa golosale paja sapitakonso. Amangokhala pakhonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, kuyang'ana nkhunda zawo. Kusamba kokha kumawatengera mwina theka la ola, akatuluka ku bafa amagwira khoma ali wefuwefu milomo itada. Nsima amadya mbamu ziwiri n'kuti ndakhuta, malaya onse akukhwepa. Usiku chifuwa sichiwapatsa tulo, amayinso sagona. Koma chimene chikundiwawa kwambiri n'choti munthu amene ankaseketsa mudzi wonse pano sayankhula, sabata yatha anandiuza pa foni kuti mwana wanga ine ndangotsala kudikira. Ndinalira ndili mu minibasi.

Sindikufunsa mankhwala ochiza, ndamva kale kuti palibe. Ndikufunsa amene munadwazikapo kapena mukudwala matenda amenewa, munatani kuti munthu azimvako kukoma kokhala ndi moyo? Makina a okosijeni aja ndi ofunika kugula? Nanga ndi magetsi athuwa zingatheke?

Namwino_wa_ku_Zomba:

Pepani kwambiri achimwene, nkhani ya bambo ndaimva ndipo si yachilendo, anthu amene anagwira mu migodi ambiri amazungulira chonchi ndi mankhwala a TB chifukwa pa X-ray matenda awiriwa amafanana. Ndiyambe ndi pomwe mwalakwitsa mosadziwa, musakhumudwe nane. Kuwakhazika pakhonde tsiku lonse kukuwonjezera phumalo. Munthu akasiya kuyenda minofu ya miyendo imafooka, ndipo minofu yofooka imafuna mpweya wochuluka pa kantchito kochepa, ndiye amabanika msanga, akabanika amachita mantha n'kusiyiratu kuyenda, kenako ngakhale kupita ku chimbudzi kumakhala ngati kukwera phiri la Mulanje. Zipsera zili apo inde koma gawo lina la kufooka mukuonaku lachokera pa mpando umenewo.

Kuzipatala za kunja kuli pulogalamu yotchedwa pulmonary rehabilitation, odwala mapapo amachita mafizo moyang'aniridwa kwa masabata 6 mpaka 8, ndipo ndi chimodzi mwa zinthu zimene zinatsimikizika kuti zimachepetsa phuma ndi kubwezeretsa mphamvu. Kuno funsani a fiziyo pa chipatala cha boma cha pa boma panu kapena ku Kamuzu Central akuonetseni zoyenera bambo, zambiri zimachitika pakhomo popanda chida. Kuyenda pang'onopang'ono pabwalo tsiku ndi tsiku, kukhala ndi kudzuka pa mpando kangapo, kunyamula mabotolo a madzi m'manja. Muyeso wake ndi woti azibanika pang'ono koma akutha kuyankhula chiganizo chachifupi, akalephera kuyankhula ndiye aime apume. Aphunzirenso kukoka mpweya ndi mphuno n'kuutulutsa pang'onopang'ono milomo atayisongola ngati akuuzira phala lotentha, phuma likawagwira aweramire kutsogolo zigongono zili pa mawondo. Kamphepo ka kumaso kamathandiza modabwitsa, kafani kakang'ono kotchaja kaja amagulitsa mu msika, pakalibe ngakhale katoni kapena lichero kuwakupiza pa mphuno ndi pakamwa.

Ku bafa ikani mpando kapena chitsa, ndowa ikhale pamwamba asamawerame, madzi ofunda chabe osati otulutsa nthunzi, akamaliza adzifunditse thawulo n'kukhala kaye osati kudzipukuta mothamanga. Chakudya chizikhala chochepa koma kasanu kapena kasanu ndi kamodzi pa tsiku chifukwa mimba ikadzadza imakankha mapapo, phala lothira nsinjiro, dzira, chiponde, mkaka, usipa wosinja. Asagone atangodya kumene ndipo kumutu kwa bedi kukwezedwe.

Za okosijeni musathamangire kugula. Yambani ndi kachipangizo kopanira pa chala kaja, pulse oximeter, muziyeza atakhala komanso atangoyenda, n'kumalemba mu kope. Ngati manambala akumatsika pansi pa 88 kapena 90 pitani nalo kopelo kwa dokotala ndiye anene kuchuluka kwa okosijeni amene akufunika. Dziwaninso kuti pa khungu lakudali kachipangizoka nthawi zina kamaonetsa nambala yokwera kuposa zenizeni, ndipo chala chikazizira kamanama, ndiye muziyang'ananso munthuyo osati nambala yokha. Phuma ndi kuchepa kwa okosijeni si chinthu chimodzi, wina amabanika kwambiri nambala ili 95, woteroyo makina sangamuthandize kwenikweni.

Chomaliza koma chachikulu, silicosis imatsegulira khomo TB yeniyeni, mwayi woitenga umakwera pafupifupi katatu. Ndiye ngakhale mwatopa nayo nkhani ya TB, akayamba kutentha thupi, thukuta la usiku, kulavula magazi kapena kuonda mofulumira, makhololo apite pa GeneXpert, makina oyezera TB, tsiku lomwelo. Phuma likangokula mwadzidzidzi m'masiku awiri atatu musadikire kuti tione mawa.

Gogo_wa_ku_Leeds:

Mwanawe, ine ndikuyankha ngati mwini matenda osati wodwazika. Ndili ndi zaka 71, ndinabwera kuno ku England kalekale kudzagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo zaka zitatu zapitazo anandipeza ndi IPF, ndiyo zipsera za m'mapapo zimene madokotala sadziwa choyambitsa. Sindinalowepo mumgodi, fodya sindinasutepo. Dokotala ataika chomvera chake pamsana anati akumva phokoso ngati akumatula zomatira za nsapato za ana zija, ndipo anandionetsa zala zanga kuti nsonga zake zatupa zikhadabo zapindika, ine ndinkangoti ndi ukalamba.

Ndinalakwitsa kufufuza pa intaneti usiku womwewo, ndinawerenga kuti anthu ambiri amakhala zaka 3 mpaka 5 akawapeza nawo, ndinatseka makatani mwezi wathunthu osatuluka, ana akaimba foni ndimangoti ndili bwino. Ndiye mawu a bambo anu aja oti ndangotsala kudikira ndikuwadziwa mpaka pansi pa mtima. Chimene chimapha munthu msanga mu matenda amenewa ndi manyazi ndi kudziona wopanda ntchito. Kutsokomola mu basi anthu n'kumasuntha, makamaka chichokereni Covid, kulephera kumaliza ndime imodzi ya nyimbo mu kwaya imene waimbamo zaka makumi awiri, mdzukulu akuthamangira kuti umunyamule iwe n'kumukana. Zimenezo X-ray siionetsa.

Ine anandipatsa mankhwala otchedwa nintedanib, palinso wina wotchedwa pirfenidone, onse sachotsa zipsera amangochedwetsa kuti zisafalikire msanga. Wangayu amatsegula m'mimba koopsa, miyezi yoyamba sindinkayenda kutali ndi chimbudzi, ndipo magazi amayezedwa pafupipafupi kuona chiwindi. Winayo amati amapsereza khungu ukakhala padzuwa. Ndi odula kwambiri, kuno timalandira kudzera ku NHS, zipatala za boma za kuno, ndipo matenda a bambo anu ndi osiyana ndi anga ndiye musakagulitse munda chifukwa cha dzina limene mwamva kwa ine, funsani kaye dokotala wa mapapo ngati n'zowayenera.

Chimene chinandidzutsa ine si mapiritsi, ndi kalasi ya mafizo imene a namwino anena ija. Tinkakumana kawiri pa sabata mu holo, nkhalamba khumi ndi ziwiri, ena atakoka masilinda awo. Tsiku loyamba anandiyendetsa mphindi 6 mu kolido kuyeza mtunda, ndinaima katatu. Pomaliza kalasiyo ndinkaimanso koma kamodzi, ndipo ndinali nditasiya kuopa phuma, ndinadziwa kuti likabwera ndiima, ndipuma, lipita. Pano mphamvu zanga ndimaziwerengera ngati malipiro a pamwezi, ngati Lamlungu ndikufuna kupita ku tchalitchi ndiye Loweruka sindichapa sindisesa. Mu kwaya ndinabwerera, ndimakhala pa mpando kutsogolo ndi kasilinda kanga, ndimaimba kolasi yokha.

Ndikupempheni chinthu chimodzi. Musawafunse bambo kuti mukumva bwanji, ayankha kuti bwino. Afunseni kuti pa zonse tinakulandani, chimene mukuchifuna kwambiri ndi chiti. Akanena, banja lonse ligwire ntchito kuti chimenecho chitheke ngakhale zitatanthauza kuwakweza kabaza.

Chikondi_wa_pa_Area25:

Ine ndangoona mwatchula nkhunda. Chotsani nkhundazo msanga, aunt anga anadwala mapapo chifukwa cha nkhunda, adokotala anachita kunena kuti fumbi la nthenga ndi zitosi ndi limene linawononga mapapo. Iphani mudye basi, moyo ndi wofunika kuposa mbalame.

Namwino_wa_ku_Zomba:

A Chikondi zimene mukunena zilipodi, dzina lake hypersensitivity pneumonitis, thupi limalimbana ndi fumbi la mbalame kapena nkhungu mpaka mapapo kuchita zipsera, ndipo kwa woteroyo mbalame ziyenera kuchoka ndithu. Koma a bambo awa choyambitsa chinapezeka kale, ndi zaka khumi za fumbi la miyala. Ine ndingati awauze adokotala kuti pakhomo pali nkhunda, iwo aone pa CT paja ngati pali chizindikiro cha zimenezo. Pakadali pano bambo asamalowe kapena kusesa mu khola, khola likhale kutali ndi zenera la kuchipinda, wosesa awaze madzi kaye. Kupha chinthu chokhacho chimene munthu watsala nacho chomusangalatsa popanda kufunsa, ayi, pamenepo sindikuvomereza. Utsi wa nkhuni ndi mbaula ndi umene ndikuuopa kwambiri, komanso ngati akadali ndi chigafa cha fodya asayandikireko nthawi yosankha ndi kumanga mabelo.

Mjoni_wa_ku_Randfontein:

Achimwene, ine za chipatala sindidziwa koma pali mbali ina imene simunaitchule ndipo ikhoza kukuthandizani pa ndalama za makinawo. Kuno ku South Africa anthu a mu migodi anasumira makampani a golide pa nkhani ya silicosis ndi TB yomweyi, ndipo mu 2019 khoti lalikulu ku Johannesburg linavomereza mgwirizano wa R5 billion. Makampani ake ndi asanu ndi limodzi, African Rainbow Minerals, Anglo American South Africa, AngloGold Ashanti, Gold Fields, Harmony ndi Sibanye-Stillwater. Ndalamazo zikuyendetsedwa ndi Tshiamiso Trust, ndipo zikukhudza amene anagwira ntchito ya fumbi pa migodi ya makampani amenewa kuyambira pa 12 March 1965 mpaka pa 10 December 2019, posayang'ana kuti munthu ndi wa dziko liti. Pa mgwirizano wa 2019 uja, chipukuta misozi cha silicosis chinkayambira pa R70,000 kukwera malinga ndi mmene mapapo aonongekera, chapamwamba kwambiri chinali R500,000. Palinso njira ina ya boma kudzera ku Medical Bureau for Occupational Diseases ku Braamfontein, imeneyo ndi yakale.

Ndiye chitani izi lero lomwe, sakani mu sutikesi ya bambo chiphaso cha TEBA, nambala imene amaitcha industry number, mapepala a malipiro, pasipoti yakale, chilichonse chokhala ndi dzina la mgodi. Jambulani pa foni musunge. Mapepala a CT ndi makadi a TB aja musataye ngakhale limodzi. Pitani pa webusayiti ya Tshiamiso mufufuze ngati mgodi wawo uli pa mndandanda ndi mmene anthu a ku Malawi akulembetsera. Kulembetsa ndi kwaulere, ndikubwereza, kwaulere. Kumudzi kuli akathyali amayenda ndi mafomu kumatolera ndalama kwa nkhalamba za WENELA (bungwe limene linkalemba anthu TEBA isanabwere) ndi TEBA kuti tikutsatirirani, malume anga anagulitsa mbuzi ziwiri kupatsa munthu wotero mpaka anamwalira osaona kanthu. Ndisakunamizeni, zinthuzi zimachedwa kwambiri ndipo ambiri amabwezedwa, ndiye musakonze bajeti pa ndalama zimenezi, koma kuyesa yesani.

Zimandiwawa ndikaganiza, anthu athu anayamba kalekale kubwera kuno, mu 1974 ndege ya WENELA inagwa ku Francistown n'kupha a Malawi oposa 70 akubwerera kwawo, Kamuzu anaimitsa kulemba anthu, kenako anatsegulanso mu 1977, bambo anu analowa gulu limenelo. Golide anatsala kuno, fumbi ndi limene anapita nalo kumudzi.

NaBanda_wa_ku_Salima:

Ine ndinadwazika amuna anga zaka ziwiri ndi theka, awo zipsera zinatsala TB itachira, anatisiya chaka chatha. Ndiyankheko za makina poti tinali nawo. Concentrator, ndiwo makina a okosijeni oyendera magetsi, ya malita 5 imadya magetsi ngati mawatsi 350 ndipo imafuna kuyaka maola ambiri motsatizana, ndiye magetsi akazima pakati pa usiku mumadzuka nonse mtima uli m'mwamba. Kasola kounikira ndi kutchajira foni kaja sikangakoke, pamafunika mabatire akuluakulu ndi inveta yamphamvu kapena jenereta, ndipo jenereta ikhale panja patali chifukwa utsi wake ndi poizoni. Ife tinkasunganso silinda imodzi ya padzidzidzi. Timakina tating'ono totchipa timene amatsatsa pa Facebook samalani nato, tinagula kamodzi ukakakweza mpweya wake umakhala wopanda mphamvu, ndalama zinangolowa m'madzi. Okosijeni ndi moto ndi adani, kandulo, koloboyi, mbaula, ndudu zisayandikire, ndipo mphuno ikauma musapake Vaseline. Kasefa ka kumbuyo muzitsuka sabata iliyonse, ndi fumbi la mwezi wa October limadzadza msanga.

Koma chimene ndinachedwa nacho ndipo ndimadandaula mpaka lero ndi a palliative care, othandiza kuchepetsa ululu ndi kuvutika kwa odwala matenda osachiritsika. Ndinkakana, ndinkati amenewo ndi a khansa ndi anthu oti mawa amwalira. Titapita ku Ndi Moyo kuno ku Salima anatilandira bwino, anakhala nafe pansi nthawi yaitali, anawapatsa morphine wamadzi wochepa kwambiri wochepetsa phuma ndi chifuwa, usiku woyamba umenewo tonse tinagona mpaka tambala. Ndinkaopa kuti morphine awapha kapena awazolowera, anandifotokozera kuti pa mlingo umene adokotala amalemba sizitero, chachikulu ndi kudzimbidwa ndiye amapereka ndi mankhwala ofewetsa m'mimba. Ku Blantyre kuli Tiyanjane pa Queens, ndipo zipatala zambiri za m'maboma zili ndi kliniki yotere, kafunseni kwanuko.

Komanso amayi anu muwayang'ane. Aliyense akabwera amafunsa za wodwala, palibe amafunsa mayi amene sanagone miyezi. Ine ndinatsika thupi mpaka anthu ankati ndine ndikudwala. Gawanani masiku ana inu, wina azibwera kudzagona kuti amayi apite kwa mng'ono wawo akapume ngakhale masiku awiri.

Mwana_wa_Mtchona:

Zikomo nonse, ndawerenga kangapo ndipo zina ndawawerengera azichemwali anga pa gulu lathu la WhatsApp, panali kukangana pang'ono chifukwa achemwali aakulu akuti mukufuna kuwapha bambo ndi mafizo, koma tagwirizana kuti tiyambe ndi kukaonana ndi a fiziyo Lachiwiri likubwerali.

Loweruka ndinapita kumudzi. Ndinafunsa funso lanu lija agogo a ku Leeds, ndimaganiza kuti anena dimba kapena tchalitchi, anakhala chete nthawi yaitali kenako anati bawo. Kuchoka pakhomo kufika pa golosale ndi mamita mwina 300, tinanyamula kampando, tinaima kanayi, paliponse amakhala n'kuuzira phala lawo losaoneka lija ine ndikuwakupiza ndi katoni. Titafika anzawo anaimirira onse, wina anachoka pa bawo kuwasiyira malo osauzidwa. Anasewera magemu awiri, anadyedwa oyamba n'kuwina achiwiri, ndipo ndinawamva akunyoza mnzawo kuti zaka zonsezi sunaphunzirebe kutakata. Pobwerera tinawakweza njinga, usiku anatsokomola monga mwa masiku onse ndipo Lamlungu anagona mpaka 10 koloko, amayi anandikalipira, koma madzulo ake anadya mbamu zinayi.

A Mjoni, chiphaso chapezeka, chinali mu Baibulo lakale pamodzi ndi chithunzi chawo atavala chisoti cha nyali, nambala ikuwerengeka bwinobwino. Nkhunda zikhala kaye, mdzukulu ndiye azisesa. Pulse oximeter ndagula, atakhala ikumaonetsa 92 kapena 93, atangofika pa golosale paja inali 85 n'kubwerera pa 91 patatha mphindi zingapo, ndalemba zonse mu kope kuti ndikaonetse Lachiwiri. A NaBanda ndikufunseni, mabatire munali nawo angati ndipo amakoka maola angati magetsi akazima?